Chimene Chimakweza Munthu: Umboni wa Doko la Katunga

Funso lakuti n'chiyani chimakweza munthu mmodzi pamene anzake obadwa naye chaka chimodzi akutsalira limayankhidwa m'njira ziwiri m'midzi ya m'chigwa cha Shire, ndipo njira zonsezo zimadula nkhani yaitali. Ena amati wolemera ndiye wanzeru ndipo wosauka ndi waulesi kapena wopepera, pomwe ena amangoti zonse ndi mwayi, mawu amene nthawi zambiri amabisa ganizo lakuti wopambanayo anakhwimira chuma chakecho. Nkhani ya lero ikuyesa funsoli pa mbiri ya dera la Mfumu Yaikulu Katunga m'boma la Chikwawa, pakuti ndi malo ochepa m'Malawi muno amene amaonetsa poyera chotere mmene nzeru za munthu, chikhalidwe chimene chinamulera ndi nyengo imene wapezekamo zimapotanira pamodzi ngati chingwe cha luzi, kotero kuti wofuna kudziwa mphamvu ya nkhosi imodzi payokha amayamba wamasula chingwe chonse.

Mawu akuti mwayi m'nkhani ino sakunena za kutola ndalama panjira kapena kupambana pa juga, koma akunena za mpata umene umatsegukira munthu chifukwa cha zinthu zimene iye sanazisankhe, monga malo amene anabadwira, chaka chimene anafika pa msinkhu wogwira ntchito, makolo amene anamubereka, ndiponso msewu, doko kapena ngalande imene anthu ena anaganiza zoidutsitsa pafupi ndi kwawo. Chikhalidwe ndi zonse zimene mtundu umaphunzitsa ana ake osawakhazika m'kalasi, monga kalankhulidwe pamaso pa akuluakulu, kagawidwe ka munda mwini wake akamwalira, ntchito zimene zimaonedwa kuti n'zaulemu, ndi zinthu zimene mwana amaloledwa kuzilakalaka. Mawu akuti nzeru ndiwo ovuta kwambiri, chifukwa sukulu inawapatsa tanthauzo lopapatiza kuposa limene ali nalo m'Chichewa chenicheni.

Kuyambira m'chaka cha 1973, katswiri wa za kaganizidwe ka munthu wa pa yunivesite ya Zambia, Robert Serpell, anachita kafukufuku pakati pa Achewa a m'boma la Katete, kuchigawo chakum'mawa kwa dzikolo, komwe ankafunsa akuluakulu a m'midzi kuti pa ana amene ankawadziwa bwino angasankhe uti kuti agwire ntchito yofunika, ndiponso chifukwa chake. Mayankho awo anaonetsa kuti nzeru zili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kuchenjera, komwe ndi kugwira zinthu msanga m'mutu ndi kupeza njira pamene ena asokonezeka, ndipo yachiwiri ndi kutumika, komwe ndi kukhala munthu wodalirika amene akatumidwa amafika kumene watumidwako ndi kubwerako ndi yankho. Mwana wochenjera koma wosatumika akuluakuluwo sankamuona ngati wanzeru zokwanira. Serpell anawalondola anawo mpaka atakula, ndipo m'buku lake la mu 1993 anayerekeza sukulu ndi makwerero amene amanka nachepa m'lifupi munthu akamakwera, kotero kuti ochuluka amagwa m'mbali asanafike pamwamba, nabwerera kumudzi akudzitcha olephera ngakhale kuti akuluakulu a kwawo ankawadalira.

Kumaiko a Azungu nzeru zinayamba kuyezedwa ndi mayeso m'chaka cha 1905, pamene Alfred Binet wa ku France anakonza mafunso othandiza kuzindikira ana ofunika chithandizo chapadera kusukulu, ndipo pambuyo pake zotsatira za mayeso otere zinayamba kulembedwa ngati nambala imodzi yotchedwa IQ. M'chaka cha 1921 Lewis Terman wa ku America anasankha ana pafupifupi 1,500 a ku California amene anakhoza kwambiri mayesowo, ndipo iye ndi omulowa m'malo anawatsatira moyo wawo wonse. Ambiri zinawayendera bwino, koma ena anathera pa ntchito wamba, ndipo pamene ofufuzawo anayerekeza amene anakwera kwambiri ndi amene anatsalira, anapeza kuti nambala ya IQ inkasiyana pang'ono chabe pakati pa magulu awiriwo, pomwe maphunziro ndi ntchito za makolo awo zinkasiyana moonekeratu. Anyamata awiri amene anayesedwa nasiyidwa chifukwa chosafika pa mlingo, William Shockley ndi Luis Alvarez, anadzalandira mphoto ya Nobel pa sayansi, mphoto imene panalibe ndi mmodzi yemwe wa osankhidwa aja amene anailandira.

Mbiri ya ufumu wa Katunga imayambira kutali ndi mtsinje wa Shire. Amagololo anali anthu olankhula Chisutu amene anathawa nkhondo za kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1820 motsogozedwa ndi Sebetwane, nakagonjetsa Alozi kumtunda kwa Zambezi, kumadzulo kwa dziko limene lero ndi Zambia. Sebetwane anamwalira mu 1851, ndipo mwana wake Sekeletu ndiye anapatsa David Livingstone amuna oposa 100 amene anatsika naye mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete mu 1856. Mu 1860 Livingstone anaperekeza kwawo amene anafuna kubwerera, ndipo pochoka kwa Sekeletu anatenga kagulu kena ka amuna osakwana 20. Amuna amenewa ndiwo anatsala pa mudzi wa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, ndipo Livingstone atachoka m'dziko muno mu 1864 iwo sanabwererenso kwawo. Olemba mbiri amanena kuti ambiri mwa iwo sanali Amagololo enieni, koma ana a mitundu imene Sebetwane anaigonjetsa, ndiye kuti kwawoko anali anthu wamba, opalasa mabwato ndi onyamula katundu, amene panalibe akanawaganizira za ufumu. Pakati pa mayina awo pali Kasisi, amene Azungu ankamulemba kuti Ramakukan, Chipatula, Mlauli, Maseya, Mlilima ndi Katunga.

Nyengo imene anafikayo ndiyo inasintha zonse. Amang'anja amene anawapeza m'chigwachi anali anthu aluso, olima thonje ndi kuomba nsalu, ophika mchere, osula makasu, ndiponso odziwa kulima minda iwiri pachaka, wa kumphala umene umadalira mvula ndi wa kudimba umene umadalira chinyontho chosiyidwa ndi mtsinje. Koma m'zaka za 1862 ndi 1863 mvula inakana, njala yoopsa inagwa, ndipo pa nthawi yomweyo magulu ogwira akapolo, ena ochokera kumapiri ndi ena ochokera ku Zambezi, anali kuwotcha midzi ndi kumwaza anthu. Ufumu wa Lundu, umene kale unkalamulira dera lalikulu, unali utagawanika kotero kuti sunathe kuteteza anthu ake. M'dziko lotere munthu wokhala ndi mfuti ndi onga, wokhoza kumanga linga ndi kusunga chakudya, ankasanduka pothawira, ndipo alendo ochepa aja anali ndi mfuti zimene anatsala nazo pa ulendo wa Livingstone. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka Amagololo kanathwa chifukwa kanapeza eni dziko atafooka ndi njala.

Kuti kukula kwa mwayi umenewu kumveke, m'pofunika kuyang'ana zimene zinagwera anzawo amene anatsala kwawo. Sekeletu anamwalira mu 1863, ndipo mu 1864 Alozi anaukira olamulira awo napha amuna a Chigololo ochuluka, kotero kuti ufumu umene Sebetwane anaumanga unatheratu, n'kungotsala chilankhulo chake pakamwa pa Alozi. M'chaka chomwecho chimene akuluakulu a mtunduwo, odziwa nkhondo ndi milandu, ankaphedwa kumtunda kwa Zambezi, anyamata awo a mtengatenga anali kuyamba maufumu m'mbali mwa Shire, ndipo maufumuwo alipo mpaka lero, pakuti Katunga, Kasisi, Maseya ndi Mlilima ndi mafumu aakulu m'boma la Chikwawa, pomwe Mlauli ali m'boma la Neno. Palibe chifukwa choganizira kuti ophedwa aja anali opepera kuposa opulumukawa. Chinawasiyanitsa ndi dzina limene linatchulidwa tsiku limene Sekeletu ankasankha anthu operekeza Mzungu.

Komabe kunena kuti unali mwayi wokha n'kuwalanda ulemu umene uli wawo, chifukwa mfuti zinalinso m'manja mwa anthu ena ambiri m'chigwachi amene mayina awo anaiwalika. Amagololo anabwera ndi chikhalidwe cha ufumu umene unakula mwa kugonjetsa mitundu ina ndi kuilowetsa m'kati mwake, choncho ankadziwa kusonkhanitsa anthu omwazika pansi pa mfumu imodzi, kugawa dera pakati pawo, ndi kulondera madoko owolokera kuti Angoni a Maseko asawoloke mtsinje mwachisawawa. Anakana kugulitsa anthu awo kwa amalonda a akapolo, ndipo ganizo limenelo, kaya linachokera pa chifundo kaya pa kuwerengera phindu, linachititsa kuti midzi yawo idzaze ndi othawa pamene midzi ina inkasanduka mabwinja. Anakwatira akazi a Chimang'anja natenga chilankhulo chawo. Koposa zonse, zaka zimene anayenda ndi Livingstone zinawaphunzitsa khalidwe la Azungu, zimene amafuna ndi zimene amaopa, ndipo anasunga ubale umenewo kwa zaka zoposa khumi pamene kunalibe Mngelezi wokhazikika m'chigwachi, osadziwa ngati udzawapindulira. Pamenepa m'pamene mbali ziwiri za nzeru zija zikuonekera, pakuti anasankhidwa pa ulendo chifukwa anali otumika, ndipo anasanduka mafumu chifukwa anali ochenjera.

Nkhani imeneyi siyenera kukambidwa ngati kuti inalibe olira. Kukwera kwa Amagololo kunali kutsika kwa mafumu a Chimang'anja, ndipo Lundu wa nthawi imeneyo anaphedwa m'nkhondo zimenezo, kotero kuti ufumu wake unadzabwezeretsedwa pa ulemerero wake dziko litalandira kale ufulu wodzilamulira. Anthu othawira m'malinga ankalipira chitetezo chawo ndi thukuta m'minda ya mfumu, akazi ambiri anatengedwa osafunsidwa, ndipo ena mwa mafumuwo, makamaka Chipatula, anatchuka ndi zilango zankhanza. Wosula makasu wa Chimang'anja amene anafa ndi njala mu 1863 sanali wochepa nzeru poyerekeza ndi mlendo amene anadzalamulira ana ake, ndipo aliyense wotamanda opambana ayenera kumukumbukira munthu ameneyu, chifukwa mpata wa wina kawirikawiri umatsegukira pa tsoka la mnzake.

Ubale uja unabala zipatso mu 1875, pamene amishoni a Livingstonia anafika ndi sitima yawo ya nthunzi yotchedwa Ilala. Sitima sizikanatha kupitirira mathithi amene amayambira pa Kapichira, choncho Ilala inamasulidwa zidutswazidutswa, ndipo mafumu a Chigololo ndiwo anasonkhanitsa anthu mazanamazana amene anaisenza pamutu kulambalala mathithiwo, kufikira inalumikizidwanso kumtunda nilowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okotobala 1875. Chaka chotsatira mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa, mu 1878 kampani yoyendetsedwa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba malonda, ndipo katundu yense wopita kumapiri ndi kunyanja ankatsitsidwa pamene sitima zinkalekezera. Malo amenewo anali mudzi wa Katunga. Kuchokera pa dokolo msewu wa mtengatenga unkakwera phiri kupita ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 40, ndipo nsalu, mikanda, zitsulo ndi makalata zinkakwera pamene minyanga ya njovu inkatsika. Mafumu a Chigololo anali m'gulu la oyamba kutumiza ana awo ku sukulu za mishoni, pa nthawi imene makolo ambiri ankaziyang'ana mokayikira.

Kufunika kwa dokoli kunaonekera bwino mu 1889, pamene Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto anakwera mtsinje wa Shire ndi asilikali ambiri. John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, analengeza kuti dziko la Amagololo lili pansi pa chitetezo cha Angelezi, koma mu Novembala chaka chomwecho ankhondo a Mlauli anagonja kwa Apwitikizi ndipo ambiri anaphedwa, kenaka asilikaliwo anakwera mpaka kufika pa Katunga. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain, pansi pa Lord Salisbury, linalamula Portugal kuti ichotse ankhondo ake, ndipo mu 1891 dzikoli linakhala pansi pa Angelezi. Malire amene lero akulekanitsa Malawi ndi Mozambique kumunsi kuno anachokera pa mkangano umenewo, umene unali pakhomo pa mwamuna amene zaka 30 m'mbuyomo anali wonyamula katundu.

Mtsinje umene unakweza Katunga ndi womwewo umene unamusiya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 madzi a m'nyanja anayamba kutsika, Shire anaphwera, ndipo sitima zinayamba kulekezera pa Chiromo, kenaka pa Port Herald, pamene lero ndi Nsanje. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 inadzera ku Chiromo ndi kukwera motsata mtsinje wa Ruo, osayandikira n'komwe kwa Katunga. Anthu a pa dokolo sanachepe nzeru m'zaka khumi zimenezo, ndiponso sanasinthe chikhalidwe, koma ntchito ya mtengatenga ndi malonda a padoko zinazilala chifukwa cha kuya kwa madzi ndi mzere umene akatswiri a njanji anajambula pa mapu. Amishoni nawonso, poopa kutentha ndi malungo amene anapha anzawo oyambirira pa Chibisa mu 1863, anamanga sukulu zawo zazikulu kumapiri, kotero kuti pamene boma la atsamunda linkafuna akalaliki, aphunzitsi ndi othandiza m'zipatala, linkawapeza ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Khondowe, ndipo chigwa chimene chinali njira yolowera sukulu m'dziko muno chinatsalira pa maphunziro, monga chatsalira kufikira lero.

Mpata wina unatseguka ndi kutsekeka mwa njira yomweyo. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri moti anasiya kutsanukira mu Shire monga mwa nthawi zonse, madambo anauma, ndipo nthaka yachonde imene inali pansi pa madzi inasanduka madimba a thonje. Alimi a Chikwawa ndi Port Herald, Amang'anja pamodzi ndi Asena amene anali kulowa ochuluka kuchokera ku Mozambique, anakhala alimi otsogola a thonje m'Nyasaland. Achinyamata anapanga magulu otchedwa nomi, amene ankalima m'minda ya anthu molipidwa ndi kusunga ndalamazo pamodzi kuti adzachitire phwando pakutha pa nyengo, ndipo magulu amenewa ankaphunzitsa mwana kugwira ntchito ndi anzake, kusankha atsogoleri ndi kusunga thumba la gulu. Wolemba mbiri Elias Mandala anafotokoza nyengo imeneyi mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 1990. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi anabwerera namiza madimba aja, ndipo amuna ambiri amene anali odziimira paokha anayamba ulendo wopita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni kukagwirira ena ntchito.

M'nthawi ya ufulu mpata unadza ndi nzimbe. Kampani ya Lonrho inatsegula esiteti ndi fakitale ya shuga ya SUCOMA ku Nchalo pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo Illovo inaigula mu 1997. Cha m'nthawi yomweyo sikimu ya Kasinthula, imene kale inali ya mpunga, inasanduka ya nzimbe za alimi ang'onoang'ono, ndipo patapita zaka kunadza makopaletivi ena, monga la Phata kwa Maseya ndi lija lotenga dzina la Katunga ndi Maseya, limene limagwirizana ndi fakitale ya PressCane ya pa Dyeratu. Kopaletivi ndi bungwe limene eni ake ndi alimi omwewo, amene amasonkha minda kapena ndalama ndi kugawana phindu molingana ndi zimene aliyense anasonkha. Amene amadziwa midzi yozungulira masikimu amenewa amadziwanso kuti mabanja awiri oyandikana, a khama lofanana, angathe kusiyana kwambiri, lina kukhala ndi nyumba ya malata ndi ana ku sekondale pamene linalo likudalira ganyu wodula nzimbe ndi kupalasa kabaza, chifukwa chongoti munda wa banja loyambalo unagwera m'kati mwa malire a sikimu. Ngakhale olowa m'sikimu sanapulumuke ku mphamvu zakutali, pakuti ngongole imene inamangira Kasinthula inali ya ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu mu 1998 ngongoleyo inakula nidya phindu la alimi kwa zaka zambiri.

Akatswiri a za chikhalidwe cha anthu ali ndi dzina la kachitidwe kameneka. Robert Merton, m'chaka cha 1968, anafotokoza mmene kutsogola pang'ono pachiyambi kumabalira kutsogola kwina, nakutcha ndi dzina la Mateyu, potengera fanizo la matalente la m'buku la Uthenga Wabwino umenewo. Banja limene lapeza gawo m'sikimu limagula ng'ombe, ng'ombezo zimalipira fizi, mwana wophunzirayo amapeza ntchito ya malipiro a pamwezi nathandiza azing'ono ake, ndipo pakatha mibadwo iwiri anthu amayamba kunena kuti banja limenelo ndi la anthu anzeru, ataiwala mzere umene unajambulidwa pa munda wa agogo awo.

Ngakhale nzeru zenizenizo, zimene ambiri amaziona ngati mphatso yobadwa nayo basi, zimakula kapena kupinimbira malinga ndi zimene mwana wakumana nazo. James Flynn anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti m'maiko olemera zotsatira za mayeso a IQ zinkakwera ndi mapointi pafupifupi 3 pa zaka khumi zilizonse, liwiro limene silingachokere ku mtundu wa magazi, koma ku chakudya, thanzi ndi sukulu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhudza ubongo monga mmene kumakhudzira msinkhu. Mwana wa m'chigwa cha Shire amakumananso ndi malungo obwerezabwereza, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasandutsa makalasi ambiri kukhala misasa ya anthu othawa madzi, maphunziro n'kuima kwa masabata. Maphunziro aulere a pulayimale amene anayamba mu 1994 anachulukitsa ophunzira kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, koma mayeso a Sitandade 8 amamuika mwana ameneyu pa muyeso umodzi ndi mnzake wa mumzinda amene sanajombepo tsiku chifukwa cha madzi, ndipo akapanda kusankhidwa, dzina limene amapatsidwa ndi lakuti wolephera.

Chikhalidwe cha m'chigwachi chimaimbidwa mlandu kawirikawiri ndi anthu oyang'ana kuchokera kumapiri, ndipo mlandu wina ndi woona pamene wina ndi wopanda chilungamo. Ndi zoona kuti kukwatiwitsa mtsikana adakali wamng'ono, makamaka m'chaka cha njala pamene chuma cha ukwati chimaoneka ngati chipulumutso cha banja, kumatseka mpata umene sudzatsegukanso, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma kunena kuti anthu okana kusamukira kumtunda ndi osamva ndi kusaona mawerengero amene iwo amachita, chifukwa dimba limapatsa chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe pamene munda wa kumphala, m'dera la mvula yochepa chotere, umabereka mapira ndi mchewere zosakwanira chaka. Munthu wodziwa kuwerenga mtundu wa madzi, wodziwa tsiku lobzala madzi akangophwa ndi njira ya bwato m'dambo lodzala ng'ona ndi mvuu, ali ndi nzeru zimene mayeso a papepala saziona. Mwambo wodyera pamodzi ndi kulera ana a abale umachepetsadi ndalama zimene wopeza bwino akanasunga, koma mwambo womwewo ndiwo walipirira fizi ana amasiye ambiri amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino.

Tsopano mzere wina ukujambulidwa pa mapu a Chikwawa. Pansi pa ntchito yaikulu ya ulimi wamthirira yotchedwa Shire Valley Transformation Programme, imene ikuyendetsedwa ndi boma mothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, ngalande ikukumbidwa kuchokera pa Kapichira kulowera ku Bangula, ndi cholinga chothirira mahekitala 43,370 popanda mapampu, madzi akuyenda okha motsata kutsetsereka kwa nthaka. Alimi akusonkha minda yawo m'makopaletivi, ndipo gawo la aliyense likuwerengedwa potengera malo amene alembedwa m'dzina lake, motsatira lamulo la malo a makolo la mu 2016. Uwu ndi mpata wofanana kukula ndi doko la m'zaka za m'ma 1880, koma ukusiyana nalo pa chinthu chimodzi chachikulu, chakuti ogawa mpatawu si njala kapena kuya kwa mtsinje, koma anthu odziwika mayina, okhala m'makomiti, amene angathe kufunsidwa.

Lamulo la mu 2016 limanena kuti komiti yoona za malo ikhale ndi gulupu ngati wapampando ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera 3 mwa iwo akhale amayi. Pempho likupita kwa mafumu a kwa Katunga ndi madera oyandikana nawo, kwa makomiti amenewa ndi kwa khonsolo ya Chikwawa, kuti mayi wamasiye, mwana wamasiye amene munda wa makolo ake ukusungidwa ndi malume kapena bambo wamng'ono, ndi wachinyamata amene sanapatsidwebe malo akeake alembedwe m'kaundula ndi mayina awo, ndiponso kuti makopaletivi aike padera gawo la phindu lolipirira ana a sekondale, kuphatikizapo ana a mabanja amene minda yawo yagwera kunja kwa ngalande. Dzina limene lasiyidwa pa kalembera ameneyu silidzalandira gawo madzi akadzafika m'minda.